Mutu wa chilembwe womwe ndinabwera nawo kuchokera ku Ségou

Pamwamba pa kabati kunyumba kwanga pali mutu wa chilembwe wosema pamtengo. Kutalika kwake n'kuyambira pachigongono changa kufika kunsonga za zala. Ndi wopakidwa utoto wachikasu, wofiira ndi wobiriwira, nyanga zake n'zokhotera kumbuyo, ndipo kukhosi kuli ndodo yogwirira. Mukakoka kachingwe kali m'mbali, makutu amagwedera. Alendo akauona amafunsa ngati ndinaugula ku Mua, ine n'kuwauza kuti ayi, unachokera kutali, ku Mali, m'mbali mwa mtsinje wa Niger. Wakhala pamenepo zaka zoposa khumi, ndipo lero mtima wandiuza kuti ndilembe za kumene unachokera.

Ine ndine mlangizi wa ulimi wothirira, kwathu ndi ku Dedza. Chakumapeto kwa Meyi mu 2010 anatitumiza anthu angapo ku Mali kwa milungu itatu kuti tikaone mmene anzathu amagawira madzi m'minda ya mpunga. Kuchoka ku Bamako tinayenda makilomita oposa 200 kufika ku Ségou, kenako n'kutsikabe ndi mtsinje kufika ku Markala, komwe kuli damu lalikulu lomwe Afalansa anayamba kumanga mu 1934 n'kulimaliza mu 1947. Anamanga ndi thukuta la anthu ogwidwa mokakamiza, thangata yeniyeni, ndipo akuluakulu akumeneko sanaiwale. Kutentha kwake sindinakuonepo ngakhale ku Nsanje mu Okutobala. Chimene chinandikhazika mtima pansi ndi mitengo: paliponse misangu, yomweyi timalimbikitsa alimi kusiya m'minda kwathu. Iwo amati balanzan, ndipo Ségou amaitama kuti ndi mzinda wa misangu 4,444. Mtsinjewo eni ake sautchula Niger, amati Joliba.

Amene ankatimasulira anali mnyamata wa mtundu wa Abamana, wophunzira zaulimi, wodziwa Chingerezi pang'ono kuwonjezera pa Chifalansa. Ankanditchula kuti n kòrò, kutanthauza mkulu wanga, ndipo anandiphunzitsa kumuyankha kuti n dògò, mng'ono wanga. Lachisanu lina atamva kuti kwathu kuli Gule Wamkulu, maso ake anawala.

"N kòrò, mawa tipite kwathu. Nyama zikutuluka."

Ndinamufunsa kuti nyama zanji. Anandiuza kuti mwambowo dzina lake ndi sogo bò. Sogo ndi nyama, ndipo monga m'Chichewa, mawu amodzi omwewo amanena nyama yoyenda m'tchire ndi nyama ya m'mbale. Bò ndi kutuluka. Asodzi a Chibozo ndi Chisomono amati do bò, chinsinsi chatuluka. Umachitika mvula ili pafupi kugwa, anthu asanalowe m'minda, ndipo midzi ina imabwerezanso ikatha kukolola mapira ndi mchewere.

Tinafika dzuwa litapendeka. Bwalo linali pakati pa nyumba zadothi, losesedwa bwino ndi kuwazidwa madzi kuti fumbi ligone. Akuluakulu anakhala pamphasa mbali imodzi, amayi ndi atsikana anaima mbali ina atavala nsalu zawo zapamwamba, a ng'oma pakati. Choyamba kutulukira chinali chinyani chokwiya, Gonfarinman, chikuthamangitsa ana ndi kukankhira anthu kumbuyo kuti bwalo likule. Ana ankathawa akuseka, n'kubwereranso pomwepo. Kenako ng'oma zinasintha mayendedwe, ndipo pakati pa nyumba panatulukira anyamata atanyamula mphasa zazitali choimika, zikuyenda ngati mpanda. Atafika pakati pa bwalo anazitsegula mwadzidzidzi, n'kuthawira nazo kumbali.

Patsogolo pathu panaima njati.

Amaitchula Sigi. Thupi lake linali lalitali ngati ngolo ya ng'ombe, lopangidwa ndi chimango cha mitengo chomwe amachitcha kalaka, kutanthauza bedi, n'kuchiphimba ndi nsalu zamawangamawanga. Mmunsi munali udzu wolendewera kufika pansi, moti phazi la munthu simungalione. Mutu unali wamtengo, waukulu, nyanga zotambalala, utatulukira kutsogolo pandodo yomwe wina anaigwira ali m'kati. Kutsogolo kwake kunkayenda bambo wina akuliza kabelu, chifukwa ali m'katimo saona bwino, amatsata kulira kwa belu. Njatiyo inayenda mwaulemu, pang'onopang'ono, ikuweramitsa mutu kwa akuluakulu. Itazungulira bwalo inagwada pansi, n'kukhala phee.

Apa ndiye panali nkhani. Pamsana pake, pomwe ine ndinkaona ngati ndi nsalu chabe, panatumphuka tizidole. Kamayi kanayamba kusinja, munsi ukukwera ndi kutsika mumtondo motsatana ndendende ndi ng'oma. Pambali pake kabambo kanawerama ndi khasu. Kumbuyo kunatuluka wokwera pakavalo, kavaloyo akudumpha. Panyanga penipeni panali tianthu tina tiwiri tikukweza manja. Zonsezi ankazigwedeza ndi ndodo ndi zingwe anyamata awiri kapena atatu ounjikana m'kati mwa kalaka, m'kutentha kuja, fumbi lili m'mphuno. Ndinayang'anitsitsa munsi wa kamayi kaja, ndikuyembekezera kuti uphonya. Sunaphonye ngakhale kamodzi. Mudzi wonse unali pamsana pa nyama yakutchire, ndipo anthu a m'mudzimo ankadziyang'ana okha akuomba m'manja.

Thupi langa linachita tsemwe. Mwana wa ku Dedza sangaone chinyama chachikulu chikuzungulira pabwalo, udzu ukusesa pansi, osakumbuka Kasiyamaliro, Chimkoko ndi Njovu zikutuluka m'bandakucha. Za kudambwe sindilemba pano, amene anagula njira akudziwa chifukwa chake. Ndingonena kuti miyendo yanga inachita zomwe inazolowera: njatiyo itadzuka n'kulunjika mbali yathu, ndinabwerera m'mbuyo, n'kuvula chipewa, maso pansi. Mng'ono wanga uja anandigwira dzanja.

"Musaope, n kòrò. Iyi ndi tulon, masewera. Senderani pafupi muone."

Anandifotokozera kuti Abamana ali nazo zigoba zina zoopsa, monga za Komo, zomwe mkazi kapena wosavinidwa saloledwa kuona. Sogo bò aliyense amaonera, mayi, mwana, mlendo. Sikhudzana ndi maliro kapena mizimu ya akufa monga gule wathu. Ine ndinamva mawu oti masewerawo mopitirira. Patapita nthawi ndinanyamula kamera yanga n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, komwe nyamazo zinkachokera, kuti ndikajambule akuzikonza. Ndisanafike pampanda, mnyamata wina anaima patsogolo panga. Sanakalipe. Anangotambasula dzanja n'kupukusa mutu. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo ndimawamvabe, chifukwa mwa alendo onse, ine ndi amene ndinayenera kudziwa. Kwathu mlendo atachita zomwezo, nkhani yake ikanafika kwa mfumu. Ndinapepesa, iye n'kundiperekeza kubwerera pabwalo. Masewerawo ali ndi mpanda wake. Nyama amazimangira kobisika, dzina la amene ali m'kati satchula, ndipo amayi, ngakhale atazindikira kavinidwe ka mwana wawo, amaimbira njati basi.

Chomwe ndakhala ndikuchiganizira kwambiri zaka zonsezi ndi eni ake a mwambowu. Ndi achinyamata. M'mudzi uliwonse muli bungwe lotchedwa kamalen ton, momwe anyamata amalowa ali ndi zaka pafupifupi 14 n'kukhalamo mpaka atakula ndithu, ndipo atsikana amakhalamo mpaka atakwatiwa. Bungweli limalima m'minda ya anthu pamodzi, ngati dima kapena ganyu wa gulu, limakonza misewu ndi zina za m'mudzi, ndipo zomwe lapeza ndi zomwe limagulira nsalu, utoto, chakudya cha alendo, ndi kulipira osula. Kwa Abamana kusema ndi ntchito ya osula, a numu, omwe amabadwira m'ntchitoyo. Bungwe la achinyamata limeneli musalione kuchepa. Ufumu wa Ségou womwe unayamba cha mu 1712 unaphuka kuchokera m'bungwe lotere: woyambitsa ufumuwo, Biton Coulibaly, anali mtsogoleri wa ton ya anzake, n'kuisandutsa gulu lankhondo.

Usiku tikudya tô, nsima yawo ya mchewere, mng'ono wanga anandiphunzitsa mawu awiri. Loyamba ndi badenya, ubale wa ana a bere limodzi: kumverana, kugwirizana, kusunga zomwe munapeza. Lachiwiri ndi fadenya, ubale wa ana a bambo mmodzi koma amayi osiyana, ana a m'mitala: mpikisano, kufuna kuposa mnzako, ngakhale kuposa dzina la bambo ako. Ife tikamva za ana a m'mitala timaganiza za nsanje ndi ufiti. Iwo amati mudzi umafuna zonse ziwiri, ndipo pabwalo la sogo bò zonse ziwiri zimaoneka. Nyama zakale, monga njati, fisi, mkango, ndi zilombo zaudzu wokhawokha zomwe zimatuluka usiku, ziyenera kutuluka, apo ayi akuluakulu adandaula kuti ana ataya mudzi. Koma gulu lililonse la anyamata liyeneranso kubweretsa chake chatsopano chomwe sichinaonekepo, kuti anthu adzanene kuti chija chinayamba nthawi ya auje. Midzi yoyandikana imapikisana, magawo a mudzi umodzi amapikisana. Ndinaona akuluakulu, ndevu zili mbuu, akutsutsana pamphasa paja ngati chilembwe cha chaka chimenecho chinavina kuposa cha m'nthawi yawo. Wina anadzuka n'kukakweza m'mwamba dzanja la woimba ng'oma, momwe amachitira akafuna kunena kuti wagwira ntchito.

Ndikunena mosabisa kuti zimenezi ndinazisirira. Kwathu tikamakamba zosunga chikhalidwe, kawirikawiri timatanthauza kuti achinyamata akhale chete amve. Kumeneko nkhalamba zinakhala pamphasa, bwalo n'kulisiya m'manja mwa ana, zikudikira kuti anawo aziposa. Gule wathunso amachidziwa chinthu chimenechi, chifukwa zilombo zatsopano zimabadwa nthawi zonse, zina zonga galimoto kapena ndege. Koma sindinamvepo tikuchitchula ndi dzina ndi kuchiyamikira poyera chomwecho.

Chilembwe, chomwe iwo amati Daje, chinatuluka usiku utapita. Chinali chopepuka kuposa njati, khosi lalitali, chikuthamanga n'kuima mwadzidzidzi, makutu akugwedera uku ndi uku ngati chamva mlenje. Panatulukanso Yayoroba, mkazi wokongola nkhope ndi mtima womwe, chidole chachitali chamapewa otambalala, tsitsi lolukidwa bwino, chikuvina modekha. Amayi anachita ngati apenga nacho. Ndipo apa ndi pomwe ndinazindikira kuti ndakhala ndikuyang'ana mbali imodzi yokha ya bwalo. Nyama iliyonse ili ndi nyimbo yake, ndipo oimba ndi amayi. Mayi mmodzi, wochepa thupi, mawu akuthwa ngati lumo, ankatsogolera, anzake n'kumavomera akuomba m'manja. Iye ankayenda pambali pa nyamayo akuitamanda ngati mfumu, kuikumbutsa mbiri yake, kuinyengerera. Nyimbo ikakwera, nyama inkakwera nayo. Nthawi ina mayiyo anaima kuti amwe madzi, ndipo chilembwe chija chinangoima pakati pa bwalo, mutu uli pansi, mpaka iye atayambanso. M'nyimbozo ndi momwe muli tanthauzo: njati imakumbutsa za mphamvu ya zakale, fisi za nzeru za usiku, ndipo nyama zambiri akamaziimbira amakhala akunena za munthu, mlenje wolimba mtima, mlimi wakhama, kapena wamwano amene aliyense pabwalopo akumudziwa.

Mlungu wotsatira tinapita kwa asodzi. Abozo amatchedwa eni mtsinje, ndipo alimi a Chibamana amavomereza okha kuti mwambowu anautengera kwa asodzi. Nthano yake imati msodzi wina wa Chibozo, Toboji Centa, anatengedwa ndi tizimu tam'tchire totchedwa wokulo. Ali kumeneko anaphunzira za zidole, ndipo atabwerera kwawo ku Gomitogo anapita kwa osema n'kuwaonetsa kapangidwe kake. Kuchoka kwa Abozo zinapita kwa Asomono, asodzi anzawo, kenako n'kukwera kumtunda kwa alimi.

Kwa asodzi bwalo ndi madzi. Madzulo anthu anadzaza gombe, ena ataima m'madzi ofika m'mawondo. Kuchokera kumtunda kwa mtsinje kunabwera mabwato aatali omangidwa awiriawiri, a ng'oma ndi oimba ali momwemo, ndipo pakati pake pataima chimbalame chachikulu, Kono, khosi likutalika ndi kufupika, mlomo ukutseguka, tiana take tikugwedera pamsana. Mawu a ng'oma akamayenda pamadzi amafika mosiyana, amabwera ngati akuchokera pansi. Mabwatowo anadutsa patsogolo pathu, n'kutembenuka, n'kudutsanso.

Kutada ndiye kunabwera zomwe sindidzaiwala. Anthu analozetsa matochi ndi miuni pamadzi, ndipo patali pang'ono panavuuka mutu wa mvuu. Mvuu m'chilankhulo cha Abamana ndi mali, ndipo ambiri amati dzina la dzikolo linachokera pamenepo. Inamira, n'kuvuukanso pafupi, ikutsegula kukamwa. Pambuyo pake panabwera ng'ona, Bama, ikuseseleka mchira ukupinda. Kenako chinsomba chachitali kuposa munthu, mano ali panja, chomwe amati wulujege, nsomba-galu. Nditachiyang'ana bwino ndinafuula ndekha kuti mcheni! Ndi yemweyo wa ku Shire. M'kati mwa chilichonse munali mnyamata akusambira mumdima, atasenza chimango ndi nsalu yonyowa, popanda bwato lomugwira. Ndinafunsa ngati saopa ng'ona zenizeni. Bambo wina wachikulire amene anaima pafupi nane, atamasuliridwa funsolo, anayankha mwachidule kuti Mbozo ndi mtsinje amadziwana. Iwo amalemekeza Faro, mzimu wa m'madzi, amenenso amatuluka ngati chidole cha nkhope ya mkazi ndi tsitsi lalitali. Nyimbo za usiku umenewo zinali zotamanda alenje a m'madzi, amuna omwe kale ankalasa mvuu ndi ng'ona ndi mikondo ali pabwato. Lero mvuu zachepa mu Joliba, koma mayina a alenjewo akadali m'kamwa mwa amayi.

Anthu onsewa, alimi ndi asodzi omwe, ambiri ndi Asilamu. Nthawi ya swala itakwana ng'oma zinaleka, anthu anapita kukapemphera, n'kubwerera kudzapitiriza. Ségou inagwa m'manja mwa mtsogoleri wankhondo wa Chisilamu, El Hadj Umar Tall, mu 1861, Afalansa n'kuilanda mu 1890, ndipo miyambo ina yakale inafooka kapena kubisala. Sogo bò inapulumuka, ndipo ine ndikuona kuti dzina lija loti masewera a ana linaiteteza. Ndani angalimbane ndi masewera? Chonsecho m'masewera momwemo ndi momwe mudzi umasungira mbiri yake. Ndi zakale ndithu: Mfalansa wina, Paul Soleillet, analemba za zidole zomwe anaona m'dera la Ségou mu 1878, ndipo zaka zoposa 500 iye asanafike, Ibn Battuta, woyendayenda wa ku Morocco, anaona alakatuli kunyumba ya mfumu ya Mali wakale atavala nthenga ndi mitu yamtengo ya mbalame ya milomo yofiira.

Patangopita zaka ziwiri ndichokereko, mu 2012, nkhondo inabuka kumpoto kwa Mali, ndipo pang'onopang'ono mavuto anatsikira m'chigawo chapakati, kufika m'madera ena a Ségou. Ndikamva pawailesi mayina a malo omwe ndinapondako, ndimaganiza za anyamata aja a m'kati mwa njati. Mu 2014 bungwe la UNESCO linaika kutuluka kwa zigoba ndi zidole kwa ku Markala pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, mndandanda womwewo womwe Gule Wamkulu wa Malawi, Mozambique ndi Zambia analowapo mu 2008. Ndinakondwa nazo. Palinso anthu monga Yaya Coulibaly wa ku Bamako, amene anayambitsa gulu lake la Sogolon mu 1980 n'kuzungulira nazo zidolezi m'maiko ambiri, mpaka kugwira ntchito ndi gulu la zidole la Handspring la ku South Africa. Koma mtima wanga uli pa bwalo lafumbi lija, pomwe kuti nyama ituluke pamafunika kuti anyamata akhale ali pamudzi, minda ilimidwe, ndipo anthu asaope kusonkhana usiku.

Mutu wa chilembwe uja ndinaugula tsiku lomaliza ku Ségou, kwa wogulitsa wina m'mbali mwa mtsinje. Anali nayo yambiri itaunjikidwa pansi, ina yatsopano yosemera alendo, ina yakale yomwe midzi inagulitsa itasema ina. Wanga ndi wakale, pakhosi pali poterera pomwe manja ankagwira. Ndinaukulunga m'malaya anga n'kuuika pakati pa sutikesi.

Nditafika kumudzi ndinapita nawo kwa amalume, mkulu amene moyo wake wonse wakhala pafupi ndi bwalo. Ndinawayalira mphasa pakhonde, n'kuwafotokozera zonse, za njati, za mcheni, za mnyamata amene ananditsekera njira. Pa za mnyamatayo anagwedeza mutu movomereza. Kenako anautenga mutuwo ndi manja awiri, n'kuutembenuza, kuyang'ana m'mene anabowolera, kununkhiza mtengo wake. Anapeza kachingwe kaja okha, n'kukoka. Makutu anagwedera.

"Chilembwe ndithu," anatero. "Wosemayo amaidziwa nyama. Tsono mphwanga, nyimbo yake imati bwanji?"

Ndinatsegula pakamwa. Ndinkamuona mayi uja m'maso mwanga, wochepa thupi, akuyenda pambali pa nyama, ndinkamva ngakhale kukwera kwa mawu ake. Koma liwu ndi limodzi lomwe sindinaligwire. Ndinali ndi zithunzi zoposa 300 mu kamera, ndipo sindinaganizeko zokhala pansi ndi mng'ono wanga uja kuti andiphunzitse mzere umodzi.

"Sindinaitenge, amalume."

Anakhala chete kanthawi, chala chili pa nyanga. Kenako anandibwezera mutuwo mosamala, monga momwe amaperekera mwana wogona.

"Ukausunge pabwino. Ukadzapitanso, ukayambire kwa amayiwo."